Botolo Lolira m'Basi ya ku Matero

Ndinanyamuka ku Chawama Lachiwiri sikisi koloko isanakwane. Kiliniki ili pafupi ndi kwathu, koma ma ARV anga ndimakatengera ku Matero, mabasi awiri, kuthawa maso a anzanga ogulitsa nawo salaula, zovala za kaunjika.

Basi ya m'tauni inali makwacha khumi. Kondakita anatipanikiza anayianayi, uku akukuwa, "Fendelani ba mami, malo yaliko!" Malowo anali kuwaona yekha. M'tauni ndinagula zitumbuwa ziwiri n'kukwera ya ku Matero.

Njira iyi ndinaidziwa kalekale. Ndiyo yopita kumanda a Chingwere, kumene tinaika mkulu wanga mankhwalawa asanabwere. Masiku amenewo sabata sinkatha osakwera lole ya maliro. Ine mankhwala anandipeza ndili ndi pakati, ndipo Chisomo anabadwa wopanda kachilombo. Mwezi wamawa akukwatiwa ndi Yotamu.

Cha m'ma leveni ndinalandira botolo langa. Pamenepo ndinazindikira kuti ndaiwala sokosi yomwe ndimalikulungamo kuti mapiritsi asamalire.

Nditangokhala m'basi yobwerera, amene anadzakhala pambali panga anali amake Yotamu enieniwo.

"Ah, ba sebele! Ku Matero kuno?"

"Nenze kuona chabe mabelo ya salaula," ndinanama.

Pa hampu yoyamba botolo linati tseketseke m'chikwama. Ndinatsokomola. Pa yachiwiri linalira koposa, ndipo chifuwa chabodza sichinathandize. Ndinaopa zedi. Ndinaona ukwati wa mwana wanga ukuthera pamsewu wa Lumumba, chifukwa cha ine.

Ine ndi mayiwo tinatsika m'tauni. Kenaka anandikokera pambali, natsegula chikwama chawo. Munali botolo longa langa, lodzaza thonje. Anazula thonje pang'ono n'kundipatsa.

"Ikanimo iyi, sokosi siigwila bwino. Ine nimakuonani pamuzele kuchokela kale, nenze chabe kuyopa kumipatsani moni."

Tinaseka mpaka misozi, ogulitsa chimanga chootcha akutidabwa. Zitumbuwa zija tinagawana m'basi ya ku Chawama, ndipo tinapangana kuti ulendo wina tidzapita limodzi pakiliniki ya kwathu, wapansi.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuchita manyazi ndi chinthu chimene chandisunga kuti ndidzavine paukwati wa mwana wanga. Mkulu wanga akanachipeza, bwenzi atachinyamula pamutu.

Thonje lija sindinaikemo. Botolo linalira njira yonse mpaka pakhomo.