Mzere umene ndinausiya pachikuto

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinabwerera kwathu kufupi ndi Kabudula, ndili ndi mabokosi awiri a mabuku ndiponso mwamuna wodwala. Mwamuna wangayo sanathe chaka. Ana athu atatu anabwera kumaliro, analira mokwanira ndithu, kenako anakwera minibasi kubwerera kutauni. Ine ndinatsala ndi nkhuku. Ndinkadzuka m'mawa, kusesa pabwalo, n'kukhala pakhonde kudikira kuti masamba agwenso. Sindibisa, masiku ena ndinkamufunsa Mulungu chimene ankandisungira.

Kuseri kwa munda wanga kuli esiteti ya fodya. Chaka ndi chaka mwini wake amabweretsa matenanti, mabanja ochokera kutali odzamulimira, ndipo ana awo sukulu amangoiona podutsa. Ndinkawaona anawo atakhala m'zigafa akusoka fodya, koma ndinkati si nkhani yanga.

Lamlungu lina masana, mvula ili pakati, mtsikana wina wa kumeneko anafika pakhomo n'kugwada patali. Anali wa zaka ngati khumi ndi zinayi, zala zake zakuda bii ndi utomoni wa fodya.

"Agogo, akuti inu munali aphunzitsi, eti?"

"Ine si agogo ako. Ukufuna chiyani?"

"Ndimati mundionetseko mmene dzina langa amalembera."

Nditamufunsa chifukwa chake, anandiuza kuti bambo ake akapita ku ofesi ya pa esiteti amadinda chala, ndipo kalaliki amachita kuwagwira dzanja ngati mwana, anthu akuseka. Iye sankafuna kudzagwidwa dzanja chomwecho.

Ndinalowa m'nyumba, kutsegula bokosi koyamba chimwalirireni mwamuna wanga, n'kutulutsa kope latsopano ndi bolopeni. Pachikuto pali mzere uja wolembapo dzina. Mtsikanayo anauloza, maso ali pa ine. Ndinakana. Ndinaphunzitsa ana aang'ono zaka makumi atatu, ndipo m'kalasi mwanga munalibe kudumpha. Mwana amayamba ndi kugwira pensulo, kenako mizere, kenako a, e, i, o, u, kenako maphatikizo. Mwana wongojambula dzina lake osadziwa zilembo ndinkamuyesa wachinyengo.

"Mzere uwu tiusiya," ndinatero. "Udzalemba wekha tsiku limene udzadziwe chimene ukulemba."

"Chabwino, aphunzitsi."

Mawu akuti aphunzitsi amenewo anandilowa mumtima, ndipo ndikuvomera kuti anandisangalatsa. Mlungu womwewo ndinapita pamsika kukagula choko, ndinapaka chitseko chakale makala kuti chikhale bolodi, ndinayambanso kusita zovala. Mtsikanayo ankabwera Lamlungu lokha, chifukwa masiku enawo anali a fodya. Posakhalitsa anakoka anzake anayi. Amayi anzanga akumpingo ankandiseka kuti ndatsegula yunivesite ya matenanti, ine n'kuwayankha kuti abwere nawonso, popeza ena mwa iwo nyimbo amaimba buku litazondoka.

Anali ndi mutu mwanayo. Koma dzanja lozolowera singano ya fodya linkakanikiza bolopeni mpaka kuboola pepala, ndipo ine ndinkamubwezera mzere umodzi kasanu. Ndinali nditakonza kale dongosolo langa m'kabuku, monga ndinkachitira kusukulu: teremu ino zilembo, teremu yamawa maphatikizo, dzina ndi ziganizo kumapeto kwa chaka.

Mvula itatha, fodya atauma, mtsikanayo anandikumbutsa kawiri.

"Aphunzitsi, ifetu sitikhalitsa. Mabelo ayamba kupita ku okushoni."

"Kuthamanga sikufika," ndinamuyankha. "Bwereza mzere uwo."

Anaweramitsa mutu n'kubwereza. Ulendo wachiwiri sananene zambiri, anangotembenuza kope n'kuyang'ana pachikuto. Ine ndinaona, koma ndinagogoda bolodi ndi choko kuti ayang'ane kutsogolo. Ndinabadwira m'dera la fodya, bambo anga ankalima fodya, ndinkadziwa bwino lomwe kuti tenanti chaka chake chimatha belo lomaliza likagulidwa. Koma mutu wanga unali udakali kuwerenga materemu a sukulu.

M'nyengo yozizira ndinapita ku Nsaru kumsonkhano wa amayi a mpingo, masiku atatu. Pobwera ndinapeza kope lili pakhonde, ataliphimba ndi pulasitiki n'kulipsinja ndi mwala. Mayi woyandikana nane anabwera akupukuta manja.

"Lole inabwera dzulo m'mawa kudzatenga matenanti aja. Mwana uja anakudikirani pano mpaka dalaivala anachita kuliza hutala."

"Apita kuti?"

"Kaya. Ena akuti ku Kasungu, ena akuti kwawo. Amanena ngati anthu amenewa?"

Ndinakhala pansi pomwepo, chikwama chili m'manja. Masamba onse amene ndinamupatsa anali atawamaliza, mizere yowongoka bwino, ngakhale ya mlungu umene unali usanafike. Kenako ndinatseka kope lija. Pamzere wa pachikuto panali chidindo cha chala chachikulu. Anali atathyola bolopeni, kudzipaka inki, n'kudinda mosamala pakati penipeni pa mzere, kuti ndidziwe mwini wa kope.

Pamaliro a mwamuna wanga ndinalira monga mwa mwambo, anthu atandigwira mapewa. Tsiku limenelo ndinalira ndekha, ndipo ndinadzida. Mwana anandipempha chinthu chimodzi chokha, ndinali nacho m'manja, ndipo ndinamumana chifukwa chofuna kuti zinthu ziyende mwa dongosolo langa. Ndinafunsa ku ofesi ya pa esiteti, koma kalaliki anangoti a chaka chatha ndi a chaka chatha, iye akudikira atsopano.

Atsopanowo anabweradi nthawi yofesa fodya ku nazale, ndipo sindinadikire kuti mwana adzagwade pakhomo. Ndinapita ndekha kumisasa yawo, khomo ndi khomo. Mpaka lero khonde langa limadzaza Lamlungu lililonse, ndipo ndicho chimene ndimadzukira. Mwana aliyense akafika, tsiku loyamba lomwelo sachoka asanalembe dzina lake, kaya mokhota, kaya mongojambula. Zilembo zimabwera pambuyo, ngati fodya atipatsa nthawi. Ambiri amapita asanathe kuwerenga, ndipo palibe amene anabwerako kudzandiuza kumene anathera.

Kope lija ndimalisunga m'bokosi la mabuku. Inki yayamba kufuwa. Mtsikanayo pano ayenera kuti ndi mayi, ndipo ndikamva za kalembera wina aliyense ndimamuona ali pamzere, wina atamugwira dzanja. Dzina lake linali la zilembo zisanu zokha. Likanatitengera masana amodzi.