Kachipinda ka Zovala kwa Mbenje

Nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi, ananditumiza kusukulu ina kwa Mbenje. Ndinali ndisanakwatiwe, ndipo kwathu ku Chikwawa ndinkapitako patchuthi pokha. Anandipatsa nyumba ya zipinda ziwiri. Chachikulucho ndinkagonamo. Chinacho chinali chaching'ono, chopanda zenera, ndipo poti ndinalibe woti n'kugonamo, ndinachisandutsa cha zovala.

Ndinakhoma misomali m'makoma n'kumangapo chingwe. Madiresi a kuntchito ndinkawapachika mbali imodzi, a kutchalitchi mbali ina. Nsalu ya chipani inkakhala pafupi ndi chitseko chifukwa uthenga woti tikavine unkabwera mwadzidzidzi. Sutikesi ndinaikweza pa njerwa kuopa chiswe. Loweruka lililonse ndinkatulutsa zonse, kuzikung'untha, kusesa, kenako n'kuzisita ndi simbi yamakala, thukuta lili kamukamu. Chovala chikangoyamba kutha ndinkachidula kukhala chokolopera. Sindinkalola kanthu kukhala pansi.

Kunena zoona, zovalazo sizinkafuna chisamaliro chonsecho. Aphunzitsi anzanga anali abambo apabanja, ndipo akazi awo ankacheza m'Chisena chothamanga chimene ine ndinkangotolapo apo ndi apo. Ndikawapatsa moni ankayankha bwinobwino, n'kudikira kuti ndidutse. Ndiye Loweruka ndinkangolithera m'kachipindamo.

Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, anthu anayamba kufika m'dera lathu wapansi. Tsiku lina nditaweruka ndinapeza mayi atakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba yanga, khanda lili pamiyendo, iye atafunda chiguduli.

"Mukugona kuti, mayi?" ndinafunsa.

Analoza pansi pomwepo.

Ndinalowa m'nyumba n'kuima pakhomo la kachipinda kaja nthawi yaitali. Kenako ndinamasula chingwe, kuunjika zovala pakama wanga, n'kuyala mphasa. Ndinamupatsanso diresi ndi zitenje.

"Takhuta," anatero, uku akusisita diresilo ndi chikhatho. Kumeneko ndiye kuthokoza kwa Chisena.

Anakhala nane dzinja lonse. Kachipindako kanadzaza matewera, zitini, nkhuni zobisa kuopa mvula ndi fungo la mwana. Ine ndinkavala zokwinyika, ndipo sizinkandipweteka mutu. Madzulo tinkakhala pakhonde, iye akundiphunzitsa Chisena n'kumaseka lilime langa. Za mwamuna wake sanandiuze, inenso sindinafunse.

Mvula itatha, kunabwera lamulo loti othawa nkhondo onse akakhale kumsasa. Lole inabwera ine ndili m'kalasi. Pobwerera ndinapeza mphasa ataipinda, pansi atasesa, chitseko atatsekera ndi mwala.

Zovala zija zinakhalabe pakama mpaka nyengo yotentha. Ndinkangozikankhira kukhoma n'kugona m'mphepete. Mkazi wa ahedi atabwera kudzabwereka simbi anasuzumira m'katimo.

"Aphunzitsi, bwanji simukubwezera zovalazi m'malo mwake? Mukudwala kodi?"

"Ayi, mayi, ndibwezera," ndinayankha.

Ndinapitako kamodzi kumsasako kukamufunafuna mayi uja. Ndinayenda m'mizere ya timisasa taudzu, dzuwa likuswa mtengo, ndikufunsa m'Chisena changa chothyokathyoka. Amayi a makanda anali ambirimbiri, ndipo dzina la bambo a mwana wake kapena la mudzi wa kwawo sindinkalidziwa. Wina anati mwina anamutumiza kumsasa wina, wina anati mwina anabwerera kwawo. Ndinakhala pang'ono pamjigo n'kumwa madzi, kenako ndinauyamba ulendo wobwerera ndekha.