Maliro opanda mtanda ku Lifuwu

Nditamaliza Folomu 4, ndisanalowe ku seminale, anandituma kukatumikira chaka chimodzi pa katchalitchi kena kufupi ndi Lifuwu. Ndinkaphunzitsa katekisimu, kuyendera odwala ndi kutsogolera mapemphero Lamulungu, popeza bambo mfumu ankabwera kamodzi pa mwezi.

Panali mayi ena amene ankasesa m'tchalitchimo Loweruka lililonse. Anakwatiwa ndi msodzi wachisilamu, ukwati wawo sunadalitsidwe, choncho kwa zaka zambiri sankalandira Ukaristia. Anzawo akamapita kutsogolo, iwo ankagwada pa benchi yomaliza. Koma kujomba ayi, ngakhale nyengo yopirikitsa mbalame ku mpunga.

Anamwalira Lachiwiri atadwala masiku anayi okha. M'mawa mwake amuna awo anafika pakhomo panga, maso ali psuu.

"Aphunzitsi," anatero, "akazi anga anali anu. Ashehe akuti sitingawaswalire poti sanalowe Chisilamu. Bwerani mudzawaike monga mwa mpingo wawo."

Ndinathamangira kwa apampando a tchalitchi chathu. Ndinawapeza akuyanika mpunga pabwalo, ndipo sanaweramuke n'komwe.

"Amenewo anadzichotsa okha," anatero. "Mtanda sutuluka, kwaya siyimba."

"Koma bambo, zaka zonsezi akusesa..."

"Tsache si sakramenti. Iwe ndiwe mlendo kuno. Ndipo usaiwale kuti kalata yako yopita ku seminale idzadutsa m'manja mwanga."

Ndinapempha kuti tiwaimbire bambo mfumu. Anati ali pa msonkhano ku Lilongwe, tisawasokoneze ndi nkhani yodziwika kale. Foni ndinali nayo m'thumba, mayunitsi analimo. Sindinaimbe. Ndikakumbukira zimenezi, mtima umandipsabe, ndipo sindidziwa kuti ndiyambe kukwiyira ndani, iwo kapena ine.

Kumaliro ndinapita ngati munthu wongodutsa. Ndinapeza asodzi anzawo a amuna a malemuwo, Asilamu amene akufa awo amawaika ndi sanda yokha, atakhoma bokosi ndi matabwa a bwato lakale chifukwa anamva kuti akhristu amatero. Manda anakumba okha. A mpingo wathu anabwera ndithu, koma anaima chapatali pansi pa mtengo wa mango, manja kumbuyo. Omwewo amene ankadya usipa wa pakhomo pamenepo popanda kufunsa ngati ukwati wake unadalitsidwa!

Atatsitsa bokosi, asodzi onse anatembenukira kwa ine n'kudikira. Buku la mapemphero sindinalitulutse. Ndinangoyamba Tikuoneni Maria chapansipansi. Amayi atatu okha ndiwo anayankha. Pobalalika, amuna a malemuwo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Zikomo, Mulungu akudalitseni." Akanangondimenya mbama zikanakhala bwino.

Patatha milungu iwiri bambo mfumu anabwera. Ndinawafotokozera zonse apampando ali pomwepo. Bambo mfumu anafunsa, "Lamulo limenelo munalitenga kuti? Nanga bwanji simunandiimbire?"

"Netiweki inkavuta, bambo," apampando anayankha, akundiyang'ana.

"Netiweki inalipo," ndinatero. "Ndinaopa."

Bambo mfumu analamula kuti pakhale Misa yopempherera mayiwo, ndipo anandituma kukaitana amuna awo. Ndinawapeza kudoko akusoka ukonde. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, singano ili m'manja.

"Aphunzitsi, tsiku limene ndinkakufunani linapita," anatero, n'kupitiriza kusoka.

Ku Misako sanabwere. Mtanda unatuluka, kwaya inaimba mpaka malata kunjenjemera, ndipo amene anaima kutsogolo kuwerenga mawu oyamba, atavala jekete lawo la pa Khirisimasi, anali apampando omwe aja. Miyezi isanu imene inanditsalira kumeneko sanandipatsenso moni, ndipo nanenso sindinaufune.