Ambulera ya Amalume

Tsiku loika maliro a amalume ndinadzuka kusanache, phazi la munthu wina litandigunda m'nthiti. Tinagona pansi pabalaza m'fulati yathu ku Hyattsville, amayi a kumpingo chakumtunda, atsikanafe kufupi ndi chitseko. Usiku ankaimba chapansipansi, poti aneba okhala m'munsi mwathu anali atabwera kale kudzagogoda.

Amalume, achimwene awo aakulu a amayi, anakhala nafe kuyambira ndili wakhanda. Ali mnyamata anachokera ku Lusaka kukaphunzira m'dziko lina la chikomyunizimu kum'mawa kwa Ulaya. Za kumeneko sankazikamba. Chimene ankandiuza, pondiperekeza kokwerera basi ya sukulu, inali nkhani yopeka okha, ya mzinda wa kutali m'mlengalenga wofoleredwa ndi galasi. M'mawa uliwonse makina ankalengeza kuti kuli dzuwa. Koma dengalo linali lodontha. Anthu ankayenda atanyowa kwinaku akuyamikira dzuwa, chifukwa wopezeka ndi ambulera ankatengedwa osabweranso. Amalume ankayenda ndi ambulera yakuda tsiku lililonse, ngakhale kunja kutatentha bwanji.

Ali m'chipatala anandipempha kuti pa tsiku la maliro awo ndidzanene nkhaniyo pamanda, m'Chichewa. Ndinavomera, ine amene m'kalasi ndimalephera kukweza dzanja, amene amayi akandilankhula m'Chichewa ndimayankha m'Chingerezi. Amayi atamva anati maliro si malo a nthano za m'mlengalenga. Komabe m'mawa umenewo ndinatenga ambulera ija kuseri kwa chitseko.

Zophika zinali ku Lanham, m'galaja ya banja lina la kumpingo. Azimayi atamanga zitenje pamwamba pa mathalauza ankakazinga nkhuku pa mbaula za gasi. Anthu anayamba kufika. Ena anatulukira ali m'yunifomu, akuchokera kogwira ntchito usiku. Ena anavala masuti akuda, namaimika magalimoto mpaka kumapeto kwa msewu. Dzuwa linawala kwambiri, ndipo aliyense wolowa ankati Mulungu watikomera mtima ndi nyengo. Kwa amayi anga ankati limbani mtima. Amayi analimbadi. Chimwalirire amalume, ndinali ndisanawaone akulira.

Kutchalitchi anawerenga mbiri ya malemu. Anati anaphunzira bwino kunja ndipo anakhalako mosangalala. Anati anatisiya mwamtendere. Ine ndinaweramitsa mutu. Masabata omaliza ndinkawanyowetsa milomo ndi kathonje, ndipo mtenderewo sindinauone.

Tinanyamuka magalimoto atayatsa nyali, kulowera kumanda ena kufupi ndi Bowie. Dothi anali ataliphimba ndi kapeti wobiriwira. Kuno okumba si achibale. Anthu a ntchito anaima patali pafupi ndi makina awo, kudikira kuti timalize. Mayi wina anakweza foni m'mwamba kuti akumudzi aziona.

Itafika nthawi yoika nkhata, anaitana ana a mlongo wa malemu. Ndinaika maluwa anga, ndipo sindinabwerere pamalo panga. Ndinkafuna kuyamba nkhani ija. Chimene ndinatha ndi kutambasula ambulera ija, padzuwa lonse lija.

"Tseka, ukutichititsa manyazi," amayi ananong'ona.

Pamenepo bambo wina wachikulire wa ku Zambia, yemwe sindinkamudziwa, anatuluka pagulu ndi ndodo yake nadzaima nane pansi pa ambulerayo.

"Niiziba nkhani iyi," anatero. "Tinali kuiuzana mobisa na malume wako ku sukulu kuja. Uja mzinda siunali kumwamba iyayi, tinali kunkhalamo ise. Sembe malume wako anaikamba poyera, sembe anamutenga. Kamba, mwana wanga."

Ndinayamba. Chichewa changa chinali chokhotakhota. Nditaiwala mawu akuti kudontha, mayi wa foni uja anandikumbutsa. Ndinanena za galasi, za makina, za anthu onyowa oyamikira dzuwa. Wina anaseka pang'ono, kenako anasiya. Pomaliza ndinawonjezera zomwe sizinali m'nkhanimo, kuti amalume anamva ululu kwambiri, ndipo sankafuna kutisiya.

Kenako amayi analira, kulira kwenikweni kokweza, ndipo anzawo anawagwira. Palibe amene ananenanso kuti limbani mtima. Abusa anadikira mpaka amayi atatonthola okha, kenako anayambitsa nyimbo.

Madzulo anthu anabalalika. Tinapinda mabulangeti, n'kubwezera mipando m'malo mwake. Chitseko cha chipinda cha amalume chinali chotseka. M'nyumba munkangomveka firiji. Ndinakhala patebulo kuti ndilembe za tsikuli monga ndimachitira, ndikuopa kuti amayi andikalipira. Iwo anatenga ambulera pamene ndinaisiya, naiimika kuseri kwa chitseko.

"Mawa uitenge popita kusukulu," anatero.

"Akuti mawa kukhala dzuwa," ndinayankha m'Chichewa.

"Uitenge basi."