Mkamwini Sabzala Mtengo

Ine kwathu ndi ku Mtakataka, koma nditakwatira ndinakakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga, m'mudzi wina kuseri kwa Golomoti. Anatipatsa munda wa malemu amayi ake, m'mbali mwa mtsinje wotsika kumapiri a Dedza. Munda wabwino zedi, dothi lakuda bii. Vuto linali mtsinjewo. Dzinja lililonse unkabwera utalusa, wofiira ndi matope, n'kumaluma gombe. Chaka china unadya mizere isanu, chaka chotsatira isanu ndi itatu, pamodzi ndi maungu omwe. Ndinkaima pamenepo m'mawa, khasu paphewa, mtima ukuwawa, ndikuona chakudya cha ana anga chikupita kunyanja.

Alangizi a zaulimi ndi amene anandiuza za mbawa ndi nsungwi, kuti mizu yake imamanga dothi. Ndinapalasa njinga mpaka ku Mua, n'kubwera ndi mbande m'machubu nditazimanga pakaliyala. Tsiku lonse ndinakumba, kubzala, kuthirira. Sindinauze munthu. Ndinkati, ndani angakwiye ndi mtengo?

Mkuja wake ndinazipeza zonse zitazulidwa, zitaikidwa bwinobwino pamthunzi, mizu ataifunditsa udzu wonyowa kuti isaume. Chimenecho ndiye chinandizunguza mutu. Mdani akadazithyola n'kuziponya m'madzi. Uyu anazizula ngati akuzimvera chisoni.

Anali atsibweni ake a mkazi wanga, eni mbumba. Sanabise n'komwe. Anandiitanitsa masana omwewo, mkazi wanga atakhala poteropo akusenda chinangwa. Analankhula mofatsa, ndipo kufatsako ndiye kunandipsetsa mtima. Anati chimanga ndibzale, mpunga ku Bwanje ndikalime, zimenezo n'zokolola n'kutha. Koma mtengo umakhalitsa kuposa woubzala, ndipo pomwe mwamuna wabzala mtengo abale ake amadzalozapo chala. Anandikumbutsa za mkamwini wina wa tsidya amene anabzala mango. Atamwalira, achimwene ake anabwera ndi ngolo ndi nkhwangwa, amvekere thukuta la m'bale wathu, ndipo mabanja awiriwo sapatsana moni mpaka pano.

Ine ndinati mtsinje sudziwa za chikamwini. Ndinati anthu atha mitengo kumapiri uko ndi makala, madzi akutsika opanda chowagwira, ndipo tikamalimbana za mwini mtengo tidzadzidzimuka munda womwewo kulibe. Mawu ndinakweza, ndivomere. Iwo anangoseka pang'ono n'kundifunsa ngati ndikudziwa pomwe mtsinje unkadutsa iwo ali mnyamata. Unkadutsa pakati penipeni pa munda wathuwo! Dothi lakuda limene ndinkalirira unabwera nalo ndi mtsinje womwewo. Madzi saiwala khwawa, anatero; akatenga kuno amakasiya tsidya, ndipo a tsidyawo ndi anthunso, amadya. Ndiye wakuba ndani, mtsinje kapena ine wofuna kuumanga miyendo?

Ndinabwera ndi mfundo za alangizi, zoona zokhazokha, koma ndinachoka ndikukayika ngakhale zomwe ndinaona ndi maso angawa. Sabata yonse ndinkayenda ndikulankhula ndekha ngati wozungulira mutu. M'mawa alangizi ankakhoza, pofika masana atsibweni ankakhoza. Ndinakafunsa akatekisiti kutchalitchi, iwo anati Mulungu anaika munthu m'munda kuti ausamale. Nditafunsa kuti munthu wake uti, mwini munda kapena woulima, anayang'ana wotchi n'kunena kuti ali ndi msonkhano.

Amene ananditsiriza ndi mkazi wanga. Tikuthirira mbande zija kuseri kwa nyumba, komwe ndinazisunga, anafunsa osandiyang'ana:

"Abambo, ine nditafa mawa, mitengoyi mungaisiye n'kumapita osacheuka?"

Ndinati inde, msangamsanga. Iye anapitiriza kuthirira, ine ndinadzimva ndekha kuti ndanama. Munda ndinkaudandaula, zoona. Komanso ndinkafuna kanthu kena koimirira m'mudzimo, koti anthu azidziwa kuti kuno kunakhalapo munthu, osati tambala wongobwera kudzachulukitsa nkhuku za eni. Atsibweni anaziona zimenezo ine mwini ndisanazione, ndipo ndinawada chifukwa cha chimenecho.

Njira anaipeza ndi mkazi wanga yemweyo, atakambirana ndi atsibweni ake. Maenje ndikumbe ine, madzi nditunge ine, koma mbande iliyonse ailowetse m'dothi iye ndi dzanja lake, atsibweni akuonerera. Ndinaona ngati masanje. Mtengo ungadziwe dzanja? Komabe tinachita momwemo: ine kung'amba chubu, kumupatsira, iye kugwada n'kukwirira. Zina zinauma, zina zinadyedwa ndi mbuzi, koma nsungwi zinagwira, ndipo gombe lathu linaleka kugumuka. Kenako madzi anakhotera kumunsi n'kuyamba kudya munda wa atsibweni. Mpaka lero sindidziwa ngati ndi nsungwi zathu zinawakankhira kumeneko. Alangizi anati ayi. Atsibweni sanabwere kudzadandaula, ndipo zimenezo zinandisowetsa mtendere kuposa mlandu.

Patapita zaka zingapo, mkazi wanga anamwalira atadwala miyezi iwiri. Titameta maliro, abale ake anandisudzula mwaulemu wonse, ndipo ndinabwerera ku Mtakataka ndi njinga yanga ndi thumba la zovala. Ana anatsala kwawo, monga mwa mwambo, ndipo akudya za m'munda uja.

Mvula yoyamba itagwa chaka chatha, atsibweni aja, atakalamba tsopano, anatumiza uthenga pafoni kuti ndipite ndikawathandize kubzala gombe lawo, poti wodziwa ntchitoyo ndine. Ha! Ndinatukwana ndekhandekha m'nyumba mpaka kutopa, kenako ndinakakwera minibasi.

Iwo anakhala pachitsa, ndodo pakati pa miyendo, ine ndinakumba maenje onse. Nditang'amba chubu choyamba ndinatembenuka kuti ndipereke mbande kwa mkazi wanga monga kale, n'kungoima choncho, dzanja lili m'malere.

"Bzalani nokha, bambo," anatero atsibweni.

Ndinagwada padzenjepo, mbande ili m'manja, koma ndinakanika kuilowetsa m'dothi.