Diso la Glenys Pfitzner

Ku Lonsdale, kumwera kwa Adelaide, kuli kanyumba ka malata kamene odutsa amakayesa garaja. M'menemo mumagwira ntchito anthu asanu ndi mmodzi, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu palibe chinthu chinatulukamo chisanadutse pa diso la Glenys Pfitzner.

Amapanga magalasi a anthu amene thupi linawakana. Munthu woti manja anafa, lilime linauma, koma maso akuyendabe, amavala magalasiwo. M'kati mwake mumaoneka zilembo, ndipo kakamera kochepa ngati njere ya mpunga, kobisika m'munsi mwa felemu, kamatsatira diso. Akayang'ana chilembo, chalembedwa; mawu akakwana, makina amawalankhula. Kufotokoza n'kosavuta. Vuto n'lakuti kakamerako sikangakhale patsogolo pa diso, kangatchinge. Kamasuzumira cham'mbali, ndipo galasi lake limapotoza chithunzi: chozungulira chimasanduka dzira, cham'mphepete chimakokeka. Kamera iliyonse imanama mwa njira yakeyake, choncho iliyonse imafunika kuwongoledwa payokha. Wovala amayesedwanso kunyumba kwake, koma uko n'kungosalaza; maziko akapindika ku Lonsdale, apindika basi.

Kuwongola kunali pawiri. Poyamba Vinh, mwini kampani, ankaika magalasi patsogolo pa diso lopanga, lagalasi, limene makina ankalitembenuza uku ndi uku mpaka kompyuta itapeza manambala owongolera. Kenako Glenys ankawavala yekha, n'kuyang'ana timadontho tisanu ndi tinayi kamodzikamodzi. Pamene kamtanda kosonyeza pomwe diso layang'ana kaphonya dontho, ankasintha manambala pamanja. Mwambowu unayamba chaka choyamba, pamene diso lagalasi linakhota pamalo pake anthu osadziwa, Glenys n'kuzindikira yekha. Kuchokera tsiku limenelo panali lamulo losalembedwa: diso lagalasi likatsutsana ndi la Glenys, wolakwa ndi galasi. Anthu ophunzira amathanso kukhala ndi zikhulupiriro zawo, amangozipatsa mayina aulemu.

Glenys anabadwira ku Loxton, m'munda wa mphesa, ndipo anakula akuthyola mphesa padzuwa wopanda chipewa, chifukwa ankati chipewa n'cha alendo. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anatsikira mumzinda, n'kulowa fakitale yaikulu ya magalasi amaso. Anapala ndi kusalaza magalasi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ankatha kugwira galasi, kulipendeketsa pawindo, n'kukuuza pamene lalakwika makina asananene. Kenako fakitale inatseka, ntchito inapita kunja, ndipo mwamuna wake Barry anasankha chaka chomwecho kuti akapeze mtendere ku Darwin ndi mkazi wina. Glenys anakhala zaka zitatu akusanja katundu m'mashelefu a sitolo, akuitanidwa "mayi awo" ndi ana ang'onoang'ono oti ndi mabwana. Zaka zimenezo sazikamba. Ndiye Vinh, amene anali injiniya kufakitale ija, atamupeza akusanja zitini za nyemba n'kumuuza kuti, "Achemwali, maso amenewo si owerengera nyemba, tiyeni," Glenys anavula epuloni pomwepo.

Chinanso chake n'choti m'mawa uliwonse, kaya kuzizire chotani, amasambira kunyanja ku Brighton. Dzuwa la m'munda ndi la panyanja linachita zimene limachita kwa anthu ambiri kuno: pakona ya diso lake lamanzere panamera kanyama kofiirira. Kanakhala pamenepo zaka zambiri osavuta munthu. Mu Epulo, dokotala wa maso anamuuza kuti kanyamako kakwawira pakati, kakukoka khungu loonekera la kutsogolo kwa diso n'kulipinda. Anati kachotsedwe, koma anachenjeza kuti disolo silidzabwerera ndendende mmene linalili.

"Tiona ikatha Khirisimasi," anatero Glenys. Zengerezu analinda kwawukwawu, koma iye sikunali kuzengereza wamba. Anali ndi mantha. Kakamera kaja kamawerenga timagetsi tonyezimira pakhungu lomwelo la diso, ndipo ngati pali munthu mu Adelaide wodziwa zimene galasi lopindika limachita ndi kuwala, ndi Glenys. Anadziuza kuti akuona bwinobwino. Anayamba kugwetsera tsitsi padiso lamanzere kuti libisike. Kamtanda kakaphonya dontho la m'mphepete, ankawongola manambala mpaka kagwere pamalo, osafuna kudzifunsa kuti akuwongola kamera kapena akuipinda kuti ifanane ndi diso lake.

Mu Julayi magalasi anayamba kubwerera. Oyamba, achiwiri, achitatu, dandaulo lake limodzi: zilembo zakumanzere sizikugwirika. Vinh anakalipira ogulitsa timagalasi pa foni. Anasintha guluu. Anaika magalasi mufiriji ndi mu uvuni kuti aone ngati ndi kutentha. Munthu wa zaka makumi asanu anayamba kuiwala chakudya chake mu mayikulowevu.

"Achemwali, ine ndapenga kapena?" anafunsa tsiku lina pa tiyi. "Ndayang'ana chilichonse m'nyumba muno kupatula mphaka."

"Yang'ana mphakayo," anatero Glenys, anthu n'kuseka. Vinh anakayikira guluu, anakayikira dzuwa, anadzikayikira yekha, koma sanamukayikire Glenys ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo n'zimene zinkamupweteka Glenys kwambiri.

Mu Seputembala anaimba foni Mayi Noelene Treloar a ku Gawler. Amuna awo, Bambo Lachlan Treloar, anali ogulitsa nkhosa pa okushoni ku Jamestown zaka makumi atatu, munthu wodya ndi pakamwa, amene mawu ake ankamveka kuchokera kukhola mpaka kumalo oimika malole. Matenda ofoola minofu anawalanda miyendo, manja, kenako mawuwo. Magalasi analandira mu Meyi.

"Sindikudandaula ayi," anatero mayiwo. "Kungoti asiya kuwavala. Ndikawaveka amangotsinzina. Mwina mubwere mudzatenge, athandize wina."

Vinh anati apita akaone yekha, ndipo Glenys, osadziwa chimene chamutuma, anati apita nawo. Ananyamuka Lachinayi m'mawa. Njira yonse Vinh ankakamba za guluu.

Anawapeza bambowo pabalaza, pampando wamatayala, atayang'ana kuwindo. Anali munthu wa mafupa akuluakulu amene malaya anamukulira. Mayi Treloar anawapukuta pakamwa.

"Lachie, abwera a magalasi aja. Usachite mwano."

Mayiwo anawaveka magalasi. Vinh analumikiza kompyuta yake kuti aone zimene bambowo akuona.

"Bambo Treloar, tayesani kulemba chilichonse. Ngakhale kunditukwana, ndazolowera."

Glenys anaima kumbuyo kwa Vinh. Anaona kamtanda kakuyenda bwino pakati, kakuyenda bwino kumanja. Kenako diso la bambowo linapita kumanzere, linaima nji pa chilembo chimene ankafuna, koma kamtanda kanatsetsereka n'kugwera chapafupi. Anafufuta. Anayesanso. Kanatsetserekanso. Thukuta linatuluka pamphumi. Kachinayi, anatsinzina, ndipo sanatsegulenso.

Glenys anakudziwa kutsetsereka kumeneko. Kunali kwake. Anakuika ndi zala zake, Lolemba lina mu Meyi, akumwa tiyi.

"Ndi mmene amachitira," ananong'ona Mayi Treloar. "Poyamba ankalimbana nazo ola lathunthu kuti atulutse mawu atatu. Pano basi. Tiyi mumwa?"

"Vinh," anatero Glenys. "Manambala a diso lagalasi uli nawo?"

"Ndimasunga onse. Bwanji?"

"Chotsa anga. Bwezeretsa a galasi."

"Achemwali, a galasi aja munawakana nokha. Munati aphonya kumanzere."

Glenys anakokera tsitsi kumbuyo, anawerama, n'kutsegula diso ndi zala ziwiri pamaso pa Vinh. Vinh anayang'ana. Ndi injiniya, sanafunike kumasuliridwa. Nkhope yake inagwa.

"Chiyambire liti?"

"Adokotala anandiuza mu Epulo."

"Epulo." Anabwereza motsitsa. "Ine kuika magalasi mu uvuni, inu mukundiyang'ana?"

"Ndikukuyang'ana."

Vinh anatembenukira ku kompyuta, ndipo ntchito imene inamusowetsa tulo miyezi iwiri inatha m'mphindi zinayi. Glenys anagwada pafupi ndi mpando uja, chifukwa kulankhula ndi munthu wotsinzina uli chiimire kunamukanika.

"Bambo Treloar, dzina langa ndine Glenys. Magalasi anu ndinawayesa ndine. Diso langa ndi lodwala, ndinkadziwa, ndipo ndinabisa poopa ntchito. Cholakwika chili m'magalasimo ndi changa. Chonde tsegulani maso muyesenso kamodzi."

Kenako zikope zinatseguka. Diso linapita kumanzere, mwamantha, ngati munthu woponda pa thabwa limene linamugwetsapo. Kamtanda kanaima pomwepo. Linapita kumanja, kumanzerenso. Zilembo zinayamba kufola, pang'onopang'ono, kenako mofulumira, ndipo makina analankhula ndi mawu awo osalala aja, osadziwa kukwiya.

"Si maso anga?"

"Si maso anu, bambo. Maso anu ali bwinobwino."

Zilembo zinafolanso.

"Miyezi inayi ndimaganiza kuti matenda afika m'maso. Ndinati basi, chitseko chomaliza chatsekeka. Sindinafune Noelene adziwe."

Mayi Treloar anakhala pa mkono wa sofa, dzanja kukamwa. "Chitsiru iwe," anatero akulira. "Inenso ndimaganiza zomwezo, ndimakubisira iweyo."

Glenys anali atakonzekera kutukwanidwa, kuchotsedwa ntchito, ngakhale kukhoti. Izi sanazikonzekere: kuti munthu wa masiku owerengeka anakhala nyengo yonse yozizira atatsinzina, akulira maliro a maso amoyo, kuti iye Glenys asabwerere kokasanja nyemba.

Bambowo sanamuyang'ane nthawi yaitali. Anali ndi zambiri zoti anene ndipo sizinali za Glenys. Anauza mkazi wawo kuti pilo wabuluu amawapweteka khosi, kuti wailesi imene amawatsegulira masana amadana nayo, kuti aimbire mwana wawo ku Whyalla abwere Loweruka, ndiponso kuti tsitsi limene anadula mu Juni limamukhala. Mayi Treloar ankaseka ndi kulira nthawi imodzi. Kenako diso lija linabwerera kwa Glenys, amene anali chigwadire.

"Mayi. Ena alipo angati?"

Glenys anayang'ana Vinh. Vinh anayang'ana pa kompyuta.

"Kuyambira Epulo, khumi ndi anayi," anatero Vinh.

"Ndiye mukudikira tiyi?"

Anatuluka. M'galimoto Vinh sanalize injini msanga. Anagwira chiwongolero ndi manja onse, akuyang'ana kutsogolo.

"Mukanandiuza, ndikanakupatsani ntchito ina. Manja anuwo ndimawafunabe. Mumandiyesa ndani ine?"

"Sindinaganize za iwe. Ndinaganiza za ine."

"Za ntchito tikamba Lolemba. Lero werengani mayina, tiyambe ndi wapafupi."

Anamupatsa foni mmene munali mndandanda. Glenys anatseka diso lamanzere ndi chikhatho, n'kuyamba kuwerenga ndi lamanja: Elizabeth, Salisbury, Murray Bridge, wina kutali ku Mount Gambier. Atafika pa dzina lachisanu ndi chimodzi anaima. Pambali pake, ndi pambali pa lina m'munsi, mlembi wa ku ofesi anali atalembapo mawu ochepa: magalasi abwezedwa ndi achibale, mwambo wa maliro utatha.

"Bwanji mwaima?" anafunsa Vinh.

"Khumi ndi awiri," anatero Glenys. "Khotera kumanja, tiyambe ku Elizabeth."