Khutu la a Kalaliki

Kuseri kwa msika kuli kachipinda kometera kamene penti wake anasuluka kalekale. Muli mpando umodzi wathabwa, galasi long'aluka pakona, benchi la anthu anayi, ndi msomali wopachikapo nsalu yofunditsa ometedwa. Mwini wake anthu amangoti a Khalatsonga, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu aliyense wofika pampandopo amamulandira ndi mawu omwewo: "Khalani tsonga."

Kumeta anaphunzira kwa malemu bambo awo, amene ankameta ana a sukulu yogonera komweko, makumi asanu pa tsiku. Kwa malemuwo anatengera sizasi, chipeso chimodzi, ndi kagwiritsidwe ka dzanja lamanzere. Dzanja limeneli linali ndi ntchito imodzi basi: kugwira khutu la munthu ndi kupotolera mutu kumene sizasi ikufuna. Khutu la mwana, la m'busa, la wapolisi, onse ankaligwira mofanana. Kwa iwo kumeta kunali komweko.

Anthu anapirira poti kunalibe kwina kopita. Kenaka tsidya la msewu kunatsegulidwa malo ena ometera, a bambo wina wansangala amene posakhalitsa anapatsidwa dzina loti Watsidya. Benchi la a Khalatsonga linayamba kuzizira. Iwo sanatekeseke mpaka Loweruka lina, pamene anaona a Kalaliki akuwoloka msewu ataphimba nkhope ndi ambulera, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe.

A Kalaliki anali bambo wopuma pa ntchito, ndipo ankameta kwa a Khalatsonga Loweruka loyamba la mwezi uliwonse chitsegulire malowo. Kumene iwo ameta, madala onse a mumsewumo amatsata. Kutaya a Kalaliki kunali kutaya benchi lonse.

Madzulo ake a Khalatsonga anadandaulira mlamu wawo, amene ankagwira ntchito mu ofesi ya mabasi ndipo anali atangobwera kumene ku maphunziro a masiku atatu. Mlamuyo anali wadazi kuyambira unyamata, choncho pampando paja anali asanakhalepo.

"Alamu, bizinesi masiku ano sitiyendetsa chimbulimbuli," anatero mlamuyo akusisita dazi lake. "Mumadziyerekeza ndi anzanu. Iye akuchita bwanji, akatswiri a ntchitoyi amachita bwanji, nanga ine ndili pati. Pamene mwatsalira mumakonzapo."

"Ndiyeze ndi chiyani?"

"Ndi chilichonse choyezera, alamu. Bola muzilemba."

A Khalatsonga sachita chinthu mwatheka. Anagula kope la masamu, nabwereka tepi ya akazi awo, amene ndi telala. M'mawa Watsidya asanatsegule, anakakanikiza tepiyo pa zenera lake n'kupeza kuti galasi la mnzawoyo limaposa lawo ndi zikhatho zitatu. Anawerenga zipeso: zisanu ndi chimodzi. Tsiku lonse anaima pakhomo pawo wotchi ili m'manja, napeza kuti Watsidya amamaliza mutu m'mphindi khumi ndi ziwiri pamene iwo amatha makumi anayi.

Anagula zipeso zina zisanu, ngakhale sanadziwe chochita nazo. Anayambanso kuthamanga. Koma sizasi ikafulumira, dzanja lamanzere nalo limafulumira. Wogulitsa makala anametedwa m'mphindi khumi ndi imodzi, natuluka khutu lili psuu ngati lapsa ndi malonda ake omwe.

"Mwayeza zakunja zokha," anatero mlamu uja. "Kakhaleni pa mipando ya akatswiri, mumve nokha."

A Khalatsonga anapita kwa wometa wotchuka wa pafupi ndi siteji ya basi. Sabata yotsatira anapita kwa wina wa pafupi ndi chipatala, amene amameta madokotala. Aliyense anachotsako gawo lake.

"Abambo, mutu ndi umodzi womwewu," anatero akazi awo osasiya kupalasa makina. "Mukapitiriza kafukufukuyu mudzayamba kupereka nsidze."

"Amayi, zometa zisiyireni ometa."

Atakhala pansi ndi kope lija, mtima unawawawa. Galasi, atsalira. Mpando, atsalira. Wailesi, mafuta onunkhira, kaburashi kosasira m'khosi, zithunzi za mameto pakhoma, atsalira ponse. Koma pamzere womaliza nkhope yawo inawala. Mwa akatswiri onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawagwira khutu. Analemba ndi zilembo zikuluzikulu: KUGWIRA KHUTU, INE NDEKHA.

"Pali chinthu chimodzi chimene ndawaposa onse," anauza mlamu wawo.

"Basitu!" anakuwa mlamuyo osafunsa n'komwe kuti n'chiyani. "Kumaphunziro anatiuza zomwezo. Pamene waposa anzako, limbikirapo!"

Analimbikiradi. Sabata imeneyo anayamba kugwira ndi zala zitatu m'malo mwa ziwiri. Pofika Lachisanu, pabenchi pankagona mphaka wa kumsika.

Panatsala mpando umodzi wosaulawa, wa Watsidya, ndipo pamutu panatsala tsitsi la ulendo umodzi. Loweruka loyamba la mwezi anavala magalasi akuda a mlamu wawo ndi chipewa chachikulu, nazungulira msika wonse kuti aoneke ngati wochokera kutali. Sanaganize kuti wometedwa amayamba wavula chipewa.

"Takulandirani, bambo athu a tsidya!" anatero Watsidya iwo asanalowetse phazi lachiwiri. "Lero ndiye mwatilemekeza. Khalani apa."

Pabenchi panali munthu mmodzi atabisala kuseri kwa nyuzipepala. Pazenera panayamba kudzaza nkhope: wamakala, wokonza njinga, amayi awiri ogulitsa zovala, ndi madala ena atatu. Wina anamveka akuti, "Taonani, ngakhale eni ake amameta konkuno!"

A Khalatsonga anakhala tsonga, popanda wowauza. Makina atayamba kulira, anapendeketsa mutu, khutu lamanzere n'kuloza kudenga, nadikira.

"Khutu likuwawa kodi, bambo?" anafunsa Watsidya.

"Ayi. Ndikukupatsa pogwira."

"Pogwira?"

"Nanga mutuwu uutembenuza bwanji?"

"Ndimangopempha mwini wake, amatembenuza yekha."

A Khalatsonga anamumvera chisoni. Mwana wabwino, galasi lalikulu, koma ntchito sanaphunzitsidwe. "Tamvera, mwana wanga," anatero mokoma mtima. "Ndayendera akatswiri onse, ndipo nonse mumalephera pamodzimodzi. Mulungu anaika makutu m'mbali mwa mutu ngati zogwirira za poto. Ukagwira apa, n'kupotoza chonchi..."

Nyuzipepala ija inagwa pansi. Kuseri kwake kunali a Kalaliki.

"Poto?" anatero akuimirira. "Ine poto? Achimwene, tayang'anani kuno." Anavula magalasi awo owerengera. "Khutu ili ndi ili, akufanana? Lamanzereli linatsika. Magalasi awa ndinachita kukapindikitsa mwendo umodzi kuti azikhala. Adzukulu anga amafunsa ngati ndinabadwa choncho!"

"Zaka makumi awiri ndi zitatu, a Kalaliki, osanena?" anafunsa a Khalatsonga.

"Munthu wakugwira khutu dzanja lino, dzanja linalo muli sizasi. Unganene chiyani?"

Pazenera panabuka phwete. Wamakala anagwira khutu lake, wokonza njinga nayenso lake, ndipo a Khalatsonga anaona m'galasi lalikulu lija amuna asanu a mumsewu wawo, aliyense dzanja lili kukhutu lamanzere. Watsidya anamaliza kumeta, nawasasa m'khosi ndi kaburashi. Panalibenso chotsala pamutupo. A Khalatsonga anawoloka msewu ali mpala, chipewa chili m'manja.

Kunyumba akazi awo anamvetsera nkhani yonse akudula ulusi ndi mano.

"Ine ndinanena chaka chomwe tinakwatirana, mutameta achimwene anga aakulu. Munati zometa ndizisiyire ometa."

"Ndiye nditani, amayi? Dzanjali limapita lokha."

"Bweretsani jekete lanu logwirira ntchito."

Anasokapo thumba lakuya kumanzere, lothina pakamwa, loti dzanja likalowa lisatuluke mwachisawawa. A Khalatsonga anatenga kope lija, nadula mzere pa zilembo zikuluzikulu zija, n'kulemba pansi pake ting'onoting'ono: apa ndiye ndinatsalira kwambiri. Kenaka anapita okha kunyumba kwa a Kalaliki kukapepesa, jekete lili m'manja ngati umboni.

Loweruka loyamba la mwezi wotsatira a Kalaliki anafika, opanda ambulera. Madala atatu anaima pakhomo kuti aone kaye mmene zithere. A Kalaliki anayendera thumba lija, nalikoka kuyesa ulusi, kenaka anakhala pampando.

"Khalani tsonga," anatero a Khalatsonga. Anameta kumanja bwinobwino. Itafika nthawi yotembenuza mutu, thumba linayamba kugwedezeka ngati muli khoswe. Thukuta linatsika pachipumi pawo. Anatsokomola kawiri.

"A Kalaliki... tayang'anani kukhomako. Chonde."

Mutu unatembenuka wokha, mosavuta. A Khalatsonga anauyang'ana modabwa, ngati aona mbuzi ikuwerenga.

Atatsala pang'ono kumaliza, dzanja lija linapulumuka. Linakwera mpaka pafupi ndi khutu, madala a pakhomo n'kugwira mpweya. Linaima m'malere, zala zitatu zili yasa, kenaka linatsikira pathebulo n'kutola chimodzi mwa zipeso zatsopano zija, zimene mpaka tsikulo zinali zisanagwirepo ntchito.

A Kalaliki anadziyang'ana m'galasi long'alukalo, nagwira makutu onse awiri ngati akuwawerenga.

"Mphindi makumi anayi ndi zisanu," anatero. "Tsidya lija amatha khumi ndi ziwiri."

"Ndikudziwa. Zili m'kope."

"Zisiyeni m'kope momwemo, ine sindithamangira kulikonse." Anatembenukira kwa madala aja. "Lowani, akulu. Koma wina akhale moyang'anana ndi thumbalo."